Momwe mungaphunzirire genetics pa intaneti muli konkuno ku Blantyre

Akuluakulu akaona mwana akuyenda ngati mayi ake amati make mbuu, mwana mbuu, ndipo nkhani imathera pomwepo. Phunziro la genetics limayambira pamene mwambiwu walekezera, chifukwa limafunsa kuti kutengera kumtunduko kumachitika bwanji, n'chifukwa chiyani ana a bere limodzi amasiyana, ndiponso zimatheka bwanji kuti makolo awiri a khungu lakuda abereke mwana wachialubino. Masiku ano mayunivesite angapo amaphunzitsa phunziroli pa intaneti, moti munthu wa ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chilomoni angathe kulitsata ndi foni kapena laputopu. Komabe ambiri amene ndawaona akuyamba amagwa ulesi pasanathe mwezi, ndipo vuto lawo limakhala limodzi: amayesa kuti ndi phunziro loonera mavidiyo ndi kuloweza, pamene ndi phunziro la pensulo ndi pepala.

Choyamba, dziwani chimene mukufuna musanalembetse. Pali makosi otseguka kwa aliyense pa masamba a pa intaneti ophunzirirapo otchedwa Coursera ndi edX, monga ya Duke University yotchedwa Introduction to Genetics and Evolution, imene anakonza ndi Pulofesa Mohamed Noor, komanso ya MIT, yunivesite ya ku America, yotchedwa Introduction to Biology: The Secret of Life, imene amaphunzitsa ndi Pulofesa Eric Lander. Pa MIT OpenCourseWare pali manotsi ndi mafunso a kosi yawo ya genetics, aulere, koma opanda satifiketi. Satifiketi ya Coursera kapena edX imalipiridwa m'madola kudzera pa khadi la kubanki, ngakhale pali mwayi wopempha thandizo la fizi, ndipo malamulo a zimene mungaone mwaulere amasintha, choncho werengani bwino tsamba lolembetsera tsiku limene mukulembetsalo. Muyenera kudziwanso kuti satifiketi imeneyi si digiri. Ngati cholinga chanu n'chakuti kosiyo idzakuthandizeni kulowa ku Kamuzu University of Health Sciences, ku MUST ku Thyolo kapena ku LUANAR, funsani kaye ku ofesi yolembetsa ophunzira ya kumeneko, ndipo za kuvomerezeka kwa pepala la sukulu yakunja funsani ku National Council for Higher Education musanatulutse ndalama.

Mukasankha kosi, dzipatseni sabata imodzi yokonza maziko. Amene analemba Biology pa MSCE anakumana nayo kale genetics, koma ambiri anangoloweza kuti akhoze mayeso. Bwererani ku selo, ndipo mukhazikike pa kusiyana kwa mitosis ndi meiosis, njira ziwiri zimene selo limagawikira. Selo la munthu lili ndi ma chromosome (timaulusi tonyamula malangizo a chibadwa) 46, amene ali awiriawiri m'magulu 23. Pa gulu lililonse imodzi inachokera kwa mayi ndipo inayo kwa bambo. Meiosis ndiyo imagawa chiwerengerochi pakati kuti dzira la mayi ndi mbewu ya bambo zikhale ndi 23 chilichonse. Jambulani zimenezi ndi mapensulo a mitundu iwiri mpaka muzitha kujambula buku lili chotseka, pakuti malamulo a kutengera kumtundu amene anapeza Gregor Mendel amachokera pa kayendedwe ka ma chromosome pa meiosis. Buku la Biology 2e la OpenStax, lochokera ku Rice University, mungalitsitse mwaulere ndi kuliwerenga popanda intaneti. Kumbukiraninso kuchulukitsa ndi kuphatikiza mafulakishoni, chifukwa ndiwo masamu amene mudzagwiritse ntchito tsiku lililonse.

Kenako konzani za bandulo ndi magetsi. Tsitsani mavidiyo a sabata yonse nthawi imodzi pamene netiweki ili bwino, musankhe chithunzi chotsika kuti data isathe msanga, ndipo mutsitsenso mawu olembedwa a vidiyo iliyonse, amene amathandiza kwambiri mphunzitsi akamalankhula Chingerezi chothamanga. Pawa banki ikhale yodzaza nthawi zonse. Samalani ndi nthawi yoperekera ntchito: 11:59 usiku ku New York imakhala 5:59 m'mawa wa tsiku lotsatira kuno kuyambira pakati pa Marichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo miyezi inayo imakhala 6:59. Kosi ya ku South Africa ilibe vuto limeneli popeza nthawi yathu ndi imodzi.

Tsopano mawu. M'Chichewa ena amati majini potanthauza ma gene, koma tonse tikudziwa kuti liwu lomweli kumudzi limatanthauza mizimu yovutitsa anthu, choncho pofotokozera achibale muzinena momveka kuti mukukamba za malangizo a chibadwa amene ali mu DNA. Malangizowa amalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, T, G ndi C, ndipo kaumbidwe ka DNA kanafotokozedwa mu 1953 ndi James Watson ndi Francis Crick, amene anadalira kwambiri zithunzi za X-ray zochokera pa ntchito ya Rosalind Franklin. Tsegulani kope lapadera la mawu, ndipo pa liwu lililonse mulembe tanthauzo m'Chichewa chanu ndi chitsanzo chimodzi. Mawu amene amasokoneza ambiri ndi ochepa: gene ndi allele, genotype ndi phenotype, homozygous ndi heterozygous, dominant ndi recessive. Pa awiri omalizirawa ndipo pamagwa anthu. Allele ndi umodzi mwa mitundu ya gene imodzi, ndipo ya dominant si yamphamvu, si yabwino koposa, ndiponso sikuti ndiyo yofala pakati pa anthu. Imangotanthauza kuti imodzi yokha ndi yokwanira kuti chizindikiro chake chioneke. Ya recessive imafunika ziwiri, ina ya kwa mayi ina ya kwa bambo.

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni, ndipo ndikupemphani kuti pa ola lililonse limene mwaonera vidiyo muzikhala maola awiri mukuyankha mafunso. Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno m'dziko limene lero ndi Czech Republic, sanaonepo DNA. Anabzala nsawawa kwa zaka pafupifupi 8, n'kumawerenga. Atakwatitsa nsawawa zosalala ndi zamakwinya, ana oyamba onse anatuluka osalala, koma m'badwo wachiwiri anapeza zosalala 5,474 ndi zamakwinya 1,850, kutanthauza pafupifupi zitatu pa imodzi iliyonse. Anasindikiza zotsatirazi mu 1866, ndipo anthu sanazilabadire mpaka mu 1900. Inunso muyenera kuwerenga ndi manja anu. Gulani nyemba zofiira ndi zoyera kumsika wa Limbe kapena wa Blantyre, muike zofiira 50 ndi zoyera 50 m'kapu imodzi, muchitenso chimodzimodzi m'kapu yachiwiri. Kapu ina ndi mayi, ina ndi bambo. Tsinzinani, mutole nyemba imodzi m'kapu iliyonse, mulembe zimene zatuluka, muzibwezere m'makapu mwake, ndipo mubwereze ka 100. Mudzapeza kuti pafupifupi ka 25 zatuluka zofiira ziwiri, ka 50 zosakanikirana, ndipo ka 25 zoyera ziwiri, koma kawirikawiri sizidzakwana ndendende. Kuperewera kapena kupyola pang'onoko ndiko kudzakuthandizani kumvetsa chi-square, masamu oyezera ngati kusiyana kotere kwangochitika mwamwayi, ikadzafika.

Mukatero, tengani bokosi la Punnett, chojambula choonetsa mmene ma allele a makolo angakumanirane mwa mwana, mulibweretse kwathu kuno. Matenda a sickle cell amayamba chifukwa cha kusintha kwa chilembo chimodzi chokha mu gene ya HBB pa chromosome 11. Munthu amene ali ndi allele imodzi yosinthikayo, yotchedwa S, ndi ina yosasinthika, yotchedwa A, amene timamulemba AS, kawirikawiri sadwala matendawa, ndipo amakhala wotetezedwa ndithu ku malungo oopsa, n'chifukwa chake allele imeneyi ili yofala m'madera a malungo. Bambo wa AS akabereka ndi mayi wa AS, mwayi woti mwana abadwe SS, ndiye kuti ndi matendawa, ndi 1 pa 4, woti akhale AS ndi 2 pa 4, ndipo woti akhale AA ndi 1 pa 4. Cholakwika chimene chimabwera kawirikawiri n'kuganiza kuti mwana woyamba akabadwa ndi matendawa, atatu otsatira apulumuka. Ayi ndithu, mimba iliyonse imayamba mawerengedwe ake, monga momwe nyemba zija zinkabwerera m'kapu. Mukafunsidwa mwayi woti ana atatu onse abadwe opanda matendawa, chulukitsani 3/4 katatu, ndipo yankho ndi 27/64. Mawu akuti "ndi" m'funso amakuuzani kuchulukitsa, pamene akuti "kapena" amakuuzani kuphatikiza.

Chialubino chimayendanso m'njira yomweyi, ndipo ichi ndi chifukwa chimene ine ndimafunira kuti anthu ambiri a kuno aphunzire genetics. Makolo onse awiri amakhala atanyamula allele ya recessive mosadziwa, ndipo mwana akalandira zonse ziwiri thupi lake limapanga melanin, amene amadetsa khungu, wochepa kwambiri. Palibe tsoka, palibe ufiti, palibe chuma m'mafupa, ndipo mayi sanachimwe. Chimodzimodzinso mayi amene amanyozedwa kuti amangobereka atsikana: dzira lake nthawi zonse limanyamula chromosome ya X, ndipo mbewu ya bambo ndiyo imabweretsa X (mtsikana) kapena Y (mnyamata), popanda bamboyonso kusankha.

Poyankha funso lililonse tsatani ndondomeko imodzi. Lembani kaye zilembo zimene mugwiritse ntchito ndi tanthauzo lake, lembani genotype (ma allele amene lili nawo) ya kholo lililonse, lembani ma gamete onse (mazira kapena mbewu) amene khololo lingatulutse, ndipo pokhapo jambulani bokosi. Ambiri amathamangira bokosi n'kulakwitsa ma gamete, makamaka akafika pa ma gene awiri, pamene mabokosi amakhala 16 ndipo zotsatira zimakhala 9:3:3:1. Mukalakwa, musangoona yankho lolondola n'kupitirira. Lembani m'kope mzere umene munasocherera, ndipo patatha masiku atatu muyankhenso funso lomwelo osaonera.

Chapakati pa kosi zinthu zimalimba. Mudzakumana ndi pedigree, imene ndi chithunzi cha mtundu wa banja, pamene amuna amajambulidwa ngati kabokosi ndipo akazi ngati kozungulira. Mudzakumananso ndi linkage, kuyendera limodzi kwa ma gene, imene Thomas Hunt Morgan ndi ophunzira ake anaifufuza pa tintchentche ta zipatso, tofanana ndi tija timaunjikana pa nthochi zakupsa. Ma gene oyandikana pa chromosome imodzi amakonda kuyendera limodzi, choncho 9:3:3:1 uja saonekanso. Apa mukasokonezeka, bwererani ku zojambula zanu za meiosis. Mutu wa mmene DNA imapangira RNA kenako puloteni umafuna kuloweza pang'ono, ndipo lamulo la Hardy ndi Weinberg la mu 1908, lokhudza kuchuluka kwa ma allele pa gulu la anthu, ndi masamu a sekondale basi.

Pezani mnzanu mmodzi kapena awiri oti muzikumana nawo kamodzi pa sabata, aliyense azifotokozera anzake funso limodzi m'Chichewa, chifukwa pamene lilime lakakamira ndi pamene simunamvetse. Mayankho a mafunso a makosi otchukawa ali mbwee pa intaneti, ndipo mapulogalamu a AI angakuyankhireni m'kanthawi kochepa, koma amene amakopera amafika pa mayeso omaliza asakudziwa kutulutsa ma gamete, ndiponso akhoza kulandidwa satifiketi chifukwa chophwanya malamulo a kosi.

Pali chenjezo limodzi limene sindingalisiye. Mukayamba kumvetsa, mudzafuna kujambula pedigree ya banja lanu ndi kuyamba kuweruza. Musatero. Bambo wa gulu la magazi A ndi mayi wa gulu B angabereke mwana wa gulu O popanda chachilendo chilichonse, ndipo zinthu monga msinkhu ndi kuderapo kwa khungu zimayendetsedwa ndi ma gene ambiri pamodzi ndi zakudya komanso malo okhala, moti bokosi la Punnett silingazilongosole. Kosi yoyambira sikupatsani mphamvu yonena kuti mwana uyu ndi wa uje kapena ayi. Ngati m'banja mwanu muli nkhawa ya sickle cell, njira yake ndi kukayezetsa magazi ndi kukambirana ndi madokotala, monga a ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth.

Mayeso omaliza akayandikira, siyani mavidiyo ndipo muyankhe mafunso akale mukudziyesa nthawi. Werengani malamulo a mayesowo msanga, popeza makosi ena amafuna kamera ndi chiphaso, ndipo musankhe ola ndi malo amene magetsi ndi netiweki n'zodalirika, muli ndi bandulo ina yapadera.

Musanalembe, dziyeseni ndi chimanga. Fotokozani papepala chifukwa chimene alangizi amaletsera kubzala mbewu yobwereza ya haibulidi: mbewu ya m'sitolo ndi m'badwo woyamba, wofanana wonse, pamene yobwereza ndi m'badwo wachiwiri, umene ma allele agawikana ngati nsawawa za Mendel, choncho mapesi amasiyanasiyana ndipo zokolola zimatsika. Kenako tengani chisononkho chosatongola cha chimanga chamakolo chokhala ndi njere zoyera ndi zofiirira, muwerenge njere za mtundu uliwonse. Mwina sizidzatuluka zitatu pa imodzi, chifukwa njere iliyonse inalandira mungu wakewake kudzera pa ndevu yake, ndipo mphepo inabweretsa mungu umenewo kuchokera ku ngaiyaye za mapesi ambiri, ena a m'munda mwa mnansi wanu.