Momwe mungawerengere paketi ya nkhuku ndi mazira mukamagula ku UK

Kwathu kugula nkhuku sikufuna sukulu. Umainyamula, kuigwira pachidali, kuyang'ana miyendo, basi wadziwa ngati ndi ya lokolo kapena ndi zoyera zija. Kuno ku UK nkhuku umaipeza yososola kale, ili mu pulasitiki, ndipo chokuuza mbiri yake ndi kapepala komata pamwamba. Kapepalako kali ndi mawu ena omangidwa ndi lamulo, ena ndi okopa ogula chabe. Nayi njira yowasiyanitsira.

Choyamba, musatengeke ndi chithunzi. Udzu wobiriwira, dzuwa likutuluka, dzina lokoma la famu, zonsezi sizikuuzani komwe nkhukuyo inakulira. Mu 2016 supamaketi ya Tesco inayamba kugulitsa nkhuku pa dzina la Willow Farms, lomwe linali dzina la malonda chabe, osati famu imene nkhukuzo zinkachokera. Mawu ngati "farm fresh" nawonso sanena kanthu za kawetedwe.

Chachiwiri, fufuzani mawu onena za kawetedwe. Apa ndiye pagona nkhani. Paketi ikapanda kunena chilichonse, dziwani kuti ndi nkhuku ya m'khola lalikulu, yamtundu wokula msanga, yophedwa ili ndi masabata 5 kapena 6 okha. N'chifukwa chake imafewa madzi asanaphwere mumphika. Mukaona "free range", lamulo limati nkhukuyo iphedwe itakwanitsa masiku 56, ikhale kuti inali ndi mwayi wotuluka panja masana kwa theka la moyo wake, ndipo panjapo iliyonse ikhale ndi malo okwana sikweya mita imodzi. Komatu mwayi wotuluka si kutuluka: zitseko zimatsegulidwa, koma nkhuku zina zamantha zimangokhalira m'kati momwemo. "Organic" ndiyo imakhala nthawi yaitali, masiku 70 kapena kuposa, imadya chakudya cholimidwa popanda feteleza wa m'thumba, ndipo siipatsidwa mankhwala mwachisawawa. Mtengo wake nawo umaluma.

Chachitatu, musasokoneze chakudya ndi kawetedwe. Ambirife tikaona khungu lachikasu ndi mawu akuti "corn-fed" mtima umathamangira kumudzi. Mawuwa amangotanthauza kuti theka la chakudya chake, kapena kuposerapo, linali chimanga chachikasu. Ikhoza kukhala kuti sinapondepo dothi chibadwire. Ngati mukufuna zonse ziwiri, paketiyo inene "corn-fed" komanso "free range".

Chachinayi, onani zizindikiro. Kathirakitala kofiira ka Red Tractor kamasonyeza kuti nyamayo ndi ya ku UK ndipo famuyo imayenderedwa, koma nkhuku za m'khola lodzaza zimakhala nakonso. RSPCA Assured, ya bungwe loteteza nyama ku nkhanza, imafuna nkhuku zokula pang'onopang'ono komanso malo otakasuka, ngakhale zili zam'nyumba. Kwa ine, ngati thumba silikulola "organic", apa ndi pomwe ndalama imagwira ntchito bwino.

Kenako tembenuzani paketi, makamaka zidali za mufiriji zotchipa zija. Pakalembedwa "added water", gawo lina la kulemera kwake ndi madzi amchere. Werengani maperesenti a nyama. Mudzazindikira chifukwa chake nthuli zija zimanyala mukazikazinga.

Mazira ndi osavuta, chifukwa lililonse lili ndi chidindo pa chigoba. Tengani dzira limodzi, muone nambala yoyamba isanafike zilembo za UK. Ikakhala 0 ndi "organic", 1 ndi "free range", 2 ndi nkhuku zoyendayenda m'khola osatuluka panja, 3 ndi za m'zikwere za waya. Tizikwere topanikiza takale anatiletsa mu 2012, koma zikwere zokulirapo zikadalipo. Kamkango kofiira ka British Lion, komwe kanayamba mu 1998, kamasonyeza kuti nkhuku zoikirazo zinalandira katemera wa salmonella, tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba. Dziwaninso kuti chimfine cha mbalame chikabuka, boma nthawi zina limalamula kuti nkhuku zitsekeredwe, ndiye za "free range" nazo zimatha miyezi zili m'kati.

Nanga ofuna msuzi wa lokolo weniweni, woti nsima ithe osazindikira? M'masupamaketi akuluakulu musautayire nthawi, ngakhale ya "organic" siifika pamenepo. Pitani ku sitolo za anzathu a ku West Africa kapena kubutchala ya halal, mukafunse "hard chicken", ena amati "boiling chicken". Zimenezi ndi nkhuku zoikira zomwe zamaliza ntchito yake, zokhwima fupa ndi nyama yomwe. Mbiri ya kawetedwe kake kawirikawiri simuipeza pa pulasitiki, ndiye funsani wogulitsayo. Mukafika nayo kunyumba ipatseni maola awiri pamoto wochepa, tomato ndi anyezi muike kumapeto.