Kapsetsedwe ka tomato kuti afiire bwinobwino komanso akhale ndi ma antioxidant ambiri

Tomato akamasintha kuchoka kobiriwira mpaka kufiira psuu, mkatimo mumakhala mukuchitika zambiri. Chlorophyll uja amapangitsa kubiriwira amatha, m'malo mwake mumadzaza lycopene, amene ndi mmodzi mwa ma antioxidant, zinthu zija zimathandiza kuteteza maselo a thupi kuti asamawonongeke. Tomato wobiriwira lycopene amakhala alibe kwenikweni, nde mtunduwo ndi umene uzikuuzani, akafiira kwambiri ndiye kuti wadzaza.

Pothyola musadikire mpaka afiire yense pamtengo ngati mbalame kapena mvula zikuvutitsa. Akangoyamba kuonetsa kachikasu kapena kapinki kumunsi kwake, thyolani, apsa yekha m'nyumba chifukwa amatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umayendetsa ntchito yonse yakupsa. Koma wanthete weniweni wosakhwima uja musiyeni, ameneyo amangofota basi.

Tsono apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Amatenga tomato nkumuyanika padzuwa kapena pawindo potentha ati afiire msanga, pomwe lycopene safuna kutentha kwambiri, kukadutsa madigiri 30 mpaka 32 a Celsius kapangidwe kake kamaima, nchifukwa chake nyengo yotentha kwambiri mumaona tomato wofewa kale koma mtundu wake uli wachikasu kapena ngati lalanje, osafiira. Kuwala sikofunika kuti tomato wothyola kale apse, chofunika ndi malo ofunda pang'ono, madigiri 20 mpaka 25, pamthunzi. Firiji nayonso ayi. Kuzizira kochepera madigiri 12 kumaimitsa kupsa nkuphanso fungo ndi kukoma, bola kumuika mufiriji atapsa kale ngati mukuopa kuti aola.

Ngati muli pachangu muvundikeni mukatoni kapena m'thumba lapepala limodzi ndi nthochi yakupsa kapena apulo, zimenezi zimatulutsa ethylene wambiri. Jumbo lapulasitiki lomanga ndi lija limasunga chinyontho nkuoletsa zonse, musayese. Muzisuzumiramo tsiku ndi tsiku, wina akayamba kuola chotsani msanga.

Akapsa musamasende khungu ngati palibe chifukwa, lycopene wambiri amakhala cha pakhungupo. Komanso chodabwitsa nchakuti thupi limayamwa bwino lycopene tomato akaphikidwa ndi mafuta pang'ono kusiyana ndi wamuwisi, chifukwa amasungunuka m'mafuta osati m'madzi. Vitamini C ndiye amadana ndi moto, nde ine ndimaona kuti nzanzeru kumadya mbali zonse, wina wophika wina wamuwisi.

Zipatso zina musaganize kuti kupsa kumachulukitsa chilichonse ayi. Mango akamapsa beta-carotene, amenenso ndi antioxidant, amachuluka, nchifukwa chake mkati mumasanduka chikasu chowala, koma vitamini C amatsika poyerekeza ndi mango aawisi. Tsabola wamkulu wosawawa uja akafiira amakhala ndi vitamini C ndi ma carotenoid (gulu la lycopene ndi beta-carotene) ambiri kuposa ali wobiriwira. Nthochi yosapsa ija imakumata mkamwa chifukwa cha ma tannin, amenenso ndi ma antioxidant, ndipo mphamvu yawo imachepa nthochiyo ikamapsa. Sitiroberi akamafiira ndi ma anthocyanin, ma antioxidant enanso, amene akuchuluka. Chipatso chikapsa mopitirira mpaka kuyamba kubwafuka, vitamini C amakhala akutha, musachisunge mpaka pamenepo.

Kuvundika kumagwira pa tomato, nthochi, mango, mapapaya ndi mapeyala, zimene zimapitiriza kupsa zitathyoledwa. Malalanje, mphesa, chinanazi, mavwende ndi sitiroberi sizitero, mukathyola zosapsa kutsekemera sikuwonjezereka olo muvundike bwanji, nde zimenezo muzisankha zopsa kale pamtengo nkudya zisanakhalitse.