Momwe ndinasiyira kuunjika ma PDF osawerenga

Nditabwera ku Mangochi kudzaphunzira udokotala m'mawodi, foni yanga inadzaza ndi ma PDF a nkhani za kafukufuku wa zachipatala, koma omwe ndinawerenga sanakwane khumi. Ndikaweruka, kutentha kwa kuno kumandigonetsa ndisanamalize ndime yoyamba.

Cholakwika ndinachiona mochedwa: ndinkafuna kudziwa zonse. Ndiye ndinasankha matenda atatu omwe ndimakumana nawo tsiku ndi tsiku: malungo, likodzo ndi kuchepa kwa magazi mwa ana. Pa PubMed, webusaiti yofufuzirapo nkhani za kafukufuku wa zachipatala, ndinalemba "schistosomiasis Malawi" (schistosomiasis ndiye likodzo), n'kudina Create alert, kuti zatsopano zizibwera pa imelo Lolemba lililonse. Enawo chimodzimodzi. Zambiri ndimangoona abstract, chidule cha nkhaniyo, n'kuzisiya. Koma nkhani ikakhudza wodwala amene ndamuona sabata imeneyo, monga mnyamata wa m'mbali mwa nyanja yemwe akukodzabe magazi chonsecho anamwa mankhwala a likodzo a praziquantel, imeneyo ndimaiwerenga yonse, mpaka momwe anasankhira anthu owafufuza.

Zolipiritsa ndimazitsegula kudzera pa Hinari ya WHO, yomwe masukulu ndi zipatala za ku Malawi zikalembetsa sizilipira. Malawi Medical Journal ndi yaulere kale. Ndimatsitsa usiku netiweki ikadekha, n'kuwerenga Loweruka m'mamawa dzuwa lisanakwiye. Ma PDF akale aja ndinafufuta onse.