Mmene mungaonetsere filimu yakale ya ku Germany ya mtsikana wovala zachimuna

Gulu la zisudzo kapena kalabu ya achinyamata kuno ku Kasungu ikafuna kukambirana za udindo wa amuna ndi akazi popanda kuyamba ndi ulaliki, ndimalimbikitsa filimu yopanda mawu ya wopanga mafilimu wa ku Germany, Ernst Lubitsch, yotchedwa Ich möchte kein Mann sein, kutanthauza kuti sindifuna kukhala mwamuna. Inatuluka ku Berlin mu 1918 ndipo imatenga mphindi pafupifupi 45, choncho imasiya nthawi yokwanira yocheza.

Yambani mwaionera panokha, cholembera chili m'manja. Mafilimu a nthawi imeneyo anali ndi mawu olembedwa pakati pa zithunzi, ndipo muyenera kuwamasulira onse m'Chichewa tsiku loonetsa lisanafike, kenaka musankhe munthu wa mawu omveka bwino kuti aziwawerenga. Izi si zachilendo, pakuti m'nyumba zambiri zakale zoonetsera mafilimu ku Germany munkakhala wofotokoza nkhani ndi woimba piyano, ndipo ife tinazolowera kale omasulira a m'mavidiyo sho. Komabe womasulira wanu asawonjezere nthabwala zake, chifukwa nthabwala za Lubitsch zili pankhope ndi m'manja mwa ochita sewero, ndipo phokoso limazikwirira. Woimba kiyibodi kapena gitala aziimba motsitsa. Jenereta kapena batire ya sola ikhale pafupi.

Musanayatse, uzani anthu mwachidule mmene zinthu zinalili. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ya 1914 mpaka 1918, inatenga amuna ambiri, ndipo akazi analowa m'mafakitale ndi m'ntchito za sitima za m'misewu zomwe kale zinali za amuna. Akazi a ku Germany anapatsidwa ufulu wovota mu Novembala 1918, navota koyamba mu Januwale 1919. Amene ankaseka filimuyi ankaseka chinthu chomwe chinkawatekesa mitu kunyumba kwawo.

Ntchito yaikulu ndi kuphunzitsa maso. Pemphani oonera kuti asathere pa kuseka buluku, koma aziona malamulo amene chovala chilichonse chimabwera nawo. Ossi Oswalda akusewera mtsikana wokonda njuga, fodya ndi mowa. Mayi womulera akumuletsa fodya, koma mtsikanayo atangochoka, mayiyo akusuta yekha. Imitsani filimu pamenepo ndi kufunsa ngati choipa ndi fodya kapena ndi amene wamugwira. Pambuyo pake malume wake womuyang'anira akupita paulendo, m'malo mwake mukubwera Dr. Kersten, munthu wokhwimitsa malamulo, ndipo mtsikanayo akugula suti kuti alawe ufulu wa amuna. Apa mpamene Lubitsch anaonetsa luso, chifukwa ufuluwo ukupezeka kuti uli ndi msonkho wake. Kolala yolimba ikumusautsa, m'sitima akumuuza kuti asiyire mayi mpando, ndipo kumalo ovinira akukakamizika kumwa ndi kusuta ndudu yaikulu mpaka mutu kuzungulira, pofuna kuti asaoneke wofooka. Anyamata a m'gulu lanu ndi amene ayenera kufunsidwa za zigawo zimenezi, chifukwa zikunena za iwo kuposa za atsikana: ndani anawauza kuti mwamuna sadandaula ndipo sakana botolo?

Chigawo chimodzi chikufuna kukonzekera. Kumalo ovinirako mtsikanayo akukumana ndi Kersten, amene sakumuzindikira, ndipo ataledzera awiriwo akupsompsonana. Oonera akudziwa kuti ndi mtsikana, Kersten sakudziwa. Nthawi imeneyo lamulo la Germany, ndime 175, linkalanga kugonana kwa amuna okhaokha, choncho oonera a mu 1918 nawonso ankazindikira kuti nthabwalayi ili pamalire. Dziwitsani aphunzitsi, makolo kapena akuluakulu a mpingo pasadakhale, ndipo ngati oonera ndi ana aang'ono, sankhani tsiku lina la akuluakulu okha. Sindikuvomereza kudula chigawochi mobisa, pakuti mapeto a filimu samveka popanda icho.

Pokambirana, itanani amayi achikulire ayambe ndi iwo. Ambiri akukumbukira kuti kuyambira 1973 lamulo la kavalidwe linkaletsa akazi a m'Malawi kuvala buluku pagulu, mpaka linachotsedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo achinyamata ambiri sanamvepo zimenezi kuchokera pakamwa pa amene anazikhala. Kenaka funsani za mapeto, pamene mtsikanayo akubwerera ku diresi, akugwa m'chikondi ndi Kersten, nanena kuti safuna kukhala mwamuna. Ena adzati wagonja, ena adzati waona goli la amuna nalikana mwa kufuna kwake. Musawagamulire mlanduwo, koma aliyense atchule chigawo cha filimu chomwe chikumuikira umboni.

Gulu likasangalala, tsiku lina muonetse Das Liebes-ABC ya 1916, momwe Asta Nielsen, mayi wa ku Denmark amene anatchuka ku Germany, akuvala zachimuna kuti aphunzitse bwenzi lake lamanyazi makhalidwe a amuna. Mukatero pemphani a zisudzo kuti apeke sewero lalifupi lopanda mawu, lochitikira pa msika wa Kasungu kapena pa depoti ya mabasi, momwe wosintha chovala akukumana ndi malamulo atatu omwe sankawadziwa.