Musanayale matilesi m'chipinda cha lendi kuno ku Joni

Abale anga a ku Rosettenville, Yeoville ndi Turffontein, tsiku lolowa m'nyumba yambani mwajambula ndi foni zenera losweka, mpopi wodontha ndi khoma lothimbirira, alandilodi ali pomwepo. Zithunzizo n'zimene zidzapulumutse dipoziti yanu.

Lamulo la Rental Housing Act la 1999 limati dipoziti isungidwe kubanki, ndipo chiwongoladzanja chake ndi chanu. Ngati simunawononge kanthu ndipo mulibe ngongole, akubwezereni pasanathe masiku 7 mgwirizano ukatha. Lisiti muziitanitsa mwezi uliwonse, makamaka mukamalipira pamanja.

Chimandipweteka mtima n'kuona mayi wa ana atakhomeredwa loko pachitseko chifukwa wachedwa kulipira. Popanda chilolezo cha khoti, alandilodi alibe mphamvu yokutulutsani kapena kukudulirani magetsi. Kadandauleni ku Gauteng Rental Housing Tribunal, bungwe la boma lomva madandaulo a alendi ndi alandilodi; kumeneko salipiritsa.