Mbewa idyeni, koma samalani ndi mkodzo wake

Alimi anzanga aku Angónia, Tsangano, Macanga mpaka kumunsi ku Mutarara, chimanga chalowa m'nkhokwe ndiye anyamata ayamba kale kuyenda ndi makasu kukumba mauna. Sindikubwera kudzaletsa ndiwo ayi, mlangizi woletsa mbewa kuno palibe amene angamumvere. Nkhani ndi ya mavairasi omwe mbewa zimayenda nawo, makamaka kapuku.

Kapuku ameneyu asayansi amamutcha Mastomys natalensis, ndipo ndi yemweyo amene ku West Africa amafalitsa matenda a Lassa, omwe anadziwika mu 1969 m'tauni ya Lassa ku Nigeria. Ambiri owatenga samadwala kwenikweni, koma mwa omwe afika pogonekedwa m'chipatala, pafupifupi 15 pa 100 amamwalira. Kuno kulibe Lassa, musayambe kufalitsa pa WhatsApp kuti yafika ku Ulongwe. Koma m'bale wake alipo, vairasi ya Mopeia inapezeka mwa kapuku ku Mopeia, Zambézia, m'ma 1970, mwamwayi imeneyo sinadziwike kuti imadwalitsa munthu. Wachibale wina ndi Lujo. Mu 2008 mayi wina anadwala ku Lusaka nkumutengera ku Johannesburg, anthu 5 anatenga matendawo, 4 anamwalira, ambiri mwa iwo anali omusamalira.

Nanga abale amtundu umodzi asiyana bwanji chonchi, wina wakupha wina wofatsa? Apa mpomwe ndikufuna mumvetse. Vairasi siimatha kuswana payokha, imalowa m'thupi la mbewa nkumadzikopera kambirimbiri, ndiye zamtundu umenewu zimakopera mosasamala, zolakwika zimachuluka ndipo palibe chozikonza, ngati mwana wokopera notsi za mnzake yemwenso anakopera kwa wina. Zolakwika zambiri zimaipha vairasiyo kapena sizisintha kanthu, koma mwa apo ndi apo chimodzi chimaipatsa mphamvu yatsopano. Komanso mavairasi awiri achibale akakumana m'mbewa imodzi amatha kusinthana zidutswa. Tsono kapuku amaswa koopsa, bere lake ndi la masabata atatu ndi masiku pang'ono basi, ana 10 kapena kuposa pa kamodzi, ndiye chaka cha mvula yabwino mbewa zikachuluka kukoperako kumachulukanso. Ku America mu 1993 vairasi ina yoyenda ndi mbewa, yotchedwa hantavirus, inapha anthu mbewa zitachuluka chifukwa cha mvula yambiri.

Chopusitsa nchakuti mbewa yonyamula vairasi siidwala. Imakhala yonona, yothamanga bwinobwino, koma mkodzo, ndowe ndi malovu ake zili ndi tizilombo. Ndiye zoti "iyi ndi yabwino, taonani mafuta" musiye.

Mbewa yowiritsa bwino ndi mchere nkuyanika pamoto vuto lake ndi lochepa, moto umapha vairasi. Ngozi ili pa yaiwisi, popisa dzanja mu una, polumidwa, potumbula muli ndi bala pachala. Valani ngakhale jumbo m'manja potumbula, matumbo mukwirire, mpeni ndi manja musambe ndi sopo musanagwire nsima. Ana ndi omwe amandidetsa nkhawa, amayenda ndi mbewa m'thumba la kabudula tsiku lonse kwinaku akudya nzimbe ndi manja omwewo. Mbewa yopeza itafa kale musatole, mwina yadya poizoni, mwinanso ndi mliri wa makoswe, uja unavuta ku Mutarara mu 1994. Umenewo si vairasi, ndi bakiteriya woyenda ndi utitiri, ndipo utitiriwo mbewa ikafa umadumphira kwa inu.

Kunyumba ndiye kumene timalekerera kwambiri. Mphale ndi ufa timayanika pamphasa nkupita kudimba, usiku mbale zosavundikira, m'mawa tapeza timanyi takuda tingopepeta nkuphika. Ufa sungani m'ndowa yotseka. Nkhokwe ikhale m'mwamba pafupifupi mita imodzi, miyendo yake muiveke malata opinda ngati chipewa, udzu wozungulira mulambule, mapesi asaunjikidwe pafupi ndi khoma. M'nyumba kapena m'nkhokwe yomwe yakhala yotseka musathamangire tsache, fumbi la mkodzo wouma limalowa m'mphuno. Tsekulani mupite mphepo kaye, wazani madzi a Javel kapena a sopo, kenako mukolope chonyowa.

Za kadzidzi ndikudziwa ena mundinena, koma mbalame imeneyo imadya mbewa usiku uliwonse osalipidwa metikali ngakhale imodzi, kuigenda nkudzionongera nokha. Kutentha tchire pofuna mbewa nakonso kumangothamangitsira zotsala kumudzi.

Wina akatentha thupi, ayezedwa malungo osapezeka, kapena wamwa Coartem osasintha, abwerere kuchipatala msanga ndipo akauze anamwino mosabisa kuti wakhala akukumba kapena kutumbula mbewa. Akayamba kutuluka magazi m'nkhama kapena m'mphuno, omusamalira asagwire magaziwo ndi manja chabe.