Mesho, mayunitsi ndi Shakespeare: mmene mungayambire chaka choyamba

Ndinatsika minibasi ku Area 25 ndili ndi chikwama, ndowa yobiriwira, matiresi yokulunga ndi thumba la ufa umene mayi anandikonolera kumudzi. Malo ogona a pasukulu anali atatha, ndiye tinapezana atsikana anayi osadziwana m'boyizi ya zipinda ziwiri, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye. Sabata yomweyo aphunzitsi anatipatsa mndandanda wa mabuku a Renaissance, zolemba za ku Ulaya za nthawi ya Shakespeare. Ndinauyang'ana, ndinayang'ananso kachipinda kaja, mtima n'kuti myuu. Ngati nanunso mukuyamba chonchi, nazi zimene ndikanakonda wina akanandiuza.

Yambani ndi nyumba, mabuku abwere pambuyo. Musanapereke lendi, pitani mukaone malowo masana, ndipo funso loyamba likhale la mita. Kodi mita ya magetsi ndi yanuyanu kapena mukugawana ndi kunyumba yaikulu? Ngati ndi yogawana, mvanani pomwepo kuti inu muzipereka zingati, chifukwa kunyumba yaikulu kumakhala filiji ndi ayironi zimene inu simudzaziona n'komwe. Tsegulani mpopi muone ngati madzi akutuluka, ndipo funsani oyandikana nawo, osati alandilodi, kuti amasiya kangati pa sabata. Yang'anani kudenga: mukaona mizere yofiirira yotsika pakhoma, dziwani kuti Januwale mudzagona mukusuntha bedi. Funsaninso nthawi yotseka geti, ndipo yendani wapansi kuchoka pakhomopo kukafika pa siteji, muwerenge mphindi zake. Ife zinali 20, ndipo nthawi ya mvula zinkasanduka ndalama ya kabaza.

Lendi muzilipira pa Mpamba kapena Airtel Money, uthenga wake musafufute. Alandilodi athu aja anali munthu wabwino, koma mwezi wina anaiwala kuti talipira.

"Atsikana inu, mwezi uno simunandione."

"Tinakuonani, mayi. Taonani pafonipa, pa 3 paja."

Anavala magalasi, anawerenga, n'kuseka okha. Pakanapanda uthengawo, kaya nkhaniyo ikanathera pati.

Tsopano za mamesho, anzanu ogona nawo nyumba imodzi. Akulu anati mbewa zikachuluka siziika masa, ndipo ine ndinazionera pa tsache. Mwezi woyamba aliyense ankaganiza kuti mnzake asesa, mnzake atsuka kuchimbudzi, mnzake agula mayunitsi. Zinafika pachimake usiku wina ndili ndi mayeso m'mawa mwake. Mesho wanga wa ku Mchinji anateleka nyemba pa hotipuleti kuyambira madzulo, ndipo itangokwana 9 koloko kamita kaja kanalira, nyumba yonse bii. Nyemba zosapsa, mafoni opanda moto, m'thumba mwa aliyense mopanda kanthu. Tinalankhulana mawu amene sindingawalembe pano.

M'mawa mwake tinagula kope, ndipo ndikukulangizani kuti inu mugule tsiku loyamba lenileni. Tsamba loyamba ndi la zosonkha: mayunitsi, madzi, makala, mchere, mafuta ophikira, sopo wotsukira mbale. Aliyense akapereka alembe yekha ndi dzanja lake. Tsamba lachiwiri ndi la magawo a ntchito, sabata ndi sabata. Nyemba ndi chilichonse chochedwa kupsa ziphikidwe pa mbaula, hotipuleti ikhale ya tiyi ndi phala. Ufa ndi ndiwo za madzulo tinkaphatikiza, kaya ndi bonya, masoya kapena mpiru, koma shuga, sopo wosambira ndi mafuta odzola aliyense zake. Shugayo musamuderere, wathetsa maubwenzi ambiri kuposa zibwenzi.

Nkhani ya alendo ikambidwe poyera, ngakhale ndi yochititsa manyazi. Makonti, amene anayamba sukulu inu musanabwere, adzakuuzani za ekizailo ngati nthabwala, koma kukhala pakhonde ndi udzudzu mpaka usiku chifukwa mnzako ali ndi mlendo m'chipinda chimene nawenso umalipira si zoseketsa. Ife tinagwirizana kuti mlendo amacheza pabalaza ndipo dzuwa likalowa amaperekezedwa.

Zimenezi zikakhazikika, mudzapeza kuti nyumba yodzaza anthu imathandiza kwambiri pa phunziro limeneli. Ine ndinachedwa kuzindikira. Ndinkathawira ku National Library ku City Centre kukafuna bata, n'kumawerenga tsamba limodzi katatu osatolapo kanthu. Vuto silinali phokoso ayi. Masewero a nthawi imeneyo sanalembedwe kuti munthu aziwerenga chamumtima. Globe, nyumba ya zisudzo imene gulu la Shakespeare linamanga ku London mu 1599, inali yosafolera pakati. Masewero ankachitika masana, ndipo anthu wamba ankalipira peni imodzi n'kuonera ataimirira, akudya, akukuwiza. Mawu aja anapangidwira khutu la khamu ngati limenelo.

Ndiye chitani izi: magetsi akazima, m'malo moti aliyense alowe m'bulangete, yatsani nyale, gawanani anthu a m'sewero, muwerenge mokweza. Mamesho anu sayenera kukhala a kosi yanu. Anga, mmodzi ankaphunzira unamwino, wina zowerengera ndalama, wina zaulimi. Poyamba ankangondichitira chifundo, kenako anayamba kulimbirana magawo. Pa nthawi ya Shakespeare akazi sankasewera pa masewero a m'nyumba za zisudzo za ku England, magawo awo ankatenga ndi anyamata. Ndiye ife atsikana anayi tikamakuza mawu ngati mafumu ndi asilikali, tinkati tikubweza.

Chingerezi chake chimaopsa pongochiona, koma pali makiyi ochepa. Mawu othera ndi -eth kapena -th ndi omwe lero amathera ndi -s: hath ndi has, doth ndi does. Wherefore satanthauza "kuti", amatanthauza "chifukwa chiyani". Koma kiyi wamkulu, amene ife Achewa tili naye kale m'thumba, ndi thou ndi you. Thou ndi iwe, you ndi inu. Basi. Mzungu wa lero amafunika kumufotokozera zimenezi ndi ndime yathunthu, pamene inu mukudziwa kale chimene chachitika mwamuna amene wakhala akuitana mkazi wake kuti "inu" akangoti mwadzidzidzi "iwe". Mwina ndi chikondi chapamtima, mwina mkwiyo, mwina chipongwe chenicheni. Tengani pensulo, ndipo paliponse pamene munthu wasintha kuchoka pa you kupita pa thou, ikani kamzere. Funsani kuti chasintha n'chiyani pakati pa awiriwa. Nkhani yanga yoyamba kukhoza bwino inachokera pa timizere timeneti.

Pa ndakatulo, phunzirani kuwerenga ndi zala. Mzere umene amautcha iambic pentameter umakhala ndi maphatikizo khumi, ndipo mawu amagunda kasanu, kofewa kenako kolimba, ngati mtima: du-DU, du-DU. Ife pakamwa pathu tinazolowera kukoka phatikizo lotsatana ndi lomaliza, ndiye poyamba mzere umatuluka wopunduka. Gogodani patebulo mpaka ukhale. Ukakana kukhala, kawirikawiri wolembayo wachitira dala, ndipo pamenepo ndi pamene pali nkhani.

Soneti ndi ndakatulo ya mizere 14. Petrarch wa ku Italy, amene anamwalira mu 1374, ndiye anaitchukitsa, ndipo yake imagawika pawiri, mizere 8 kenako 6. Thomas Wyatt anaibweretsa m'Chingerezi m'nthawi ya mfumu Henry VIII. Za Shakespeare, zimene zinasindikizidwa mu 1609 ndipo zilipo 154, zimayenda zinayi zinayi katatu, kenako mizere iwiri yotsekera. Musataye nthawi kuloweza zimenezi ngati mapemphero. Funani pamene ndakatuloyo yakhota. Mwamvapo ankhoswe akuyankhula pa mlandu: amayamba ndi kuyamikira, kuti mwanayu ndi waulemu, ndi wolimbikira, ndipo aliyense amakhala akudikira mawu amodzi okha, "koma". Soneti ilinso ndi "koma" wake, kawirikawiri pa mzere wa 9, nthawi zina pa 13. Mukamupeza, mwaimva.

Sewero limene linagwira nyumba yathu yonse ndi Doctor Faustus la Christopher Marlowe, munthu amene anabadwa chaka chimodzi ndi Shakespeare, 1564, koma anaphedwa mu 1593 asanakwanitse zaka 30. Ndi nkhani ya munthu wophunzira kwambiri amene anagulitsa moyo wake kwa mdyerekezi kuti apatsidwe nzeru ndi mphamvu kwa zaka 24. Ine ndinali kalikiliki kufotokoza za maphunziro atsopano a ku Ulaya, pamene mesho wa unamwino uja anangoti, "Asisi, musavutike. Ameneyu anakhwima, ndipo chizimba chake ndi iye mwini." Tinakangana mpaka nyale inatha moto, chifukwa wa zowerengera ndalama ankati chimene chikumupweteka n'chakuti munthuyo zaka 24 zonsezo anazithera pa zibwana. Mfundo imeneyo ndinailemba pa mayeso. Chenjezo limodzi: seweroli lili ndi mitundu iwiri, wa 1604 ndi wa 1616 umene ndi wautali. Funsani aphunzitsi kuti akugwiritsa uti musanasindikize, kuopa kuwononga ndalama ngati ine.

Mabuku a pashelefu amakhala ochepa, ndipo amayaro, inu a chaka choyamba, mumawapeza atatengedwa. Ubwino wake zolemba zonsezi n'zakale, zili pa intaneti mwaulere. Project Gutenberg ili ndi zambiri, ndipo Folger Shakespeare Library inaika masewero onse a Shakespeare okhala ndi manambala a mizere. Koperani mukakhala pa Wi-Fi ya pasukulu, bando yanu isungidwe. Sewero lokhalo limene mudzalembe mayeso ndi loyenera kusindikiza papepala, masamba awiri mbali imodzi, kuti muzilemba m'mphepete. Ine ndinkalemba m'Chichewa: "apa akunama", "apa wayamba mantha". Mukalephera kunena m'Chichewa chimene munthuyo akutanthauza, ndiye kuti simunamve, ngakhale mutaloweza.

Zaka zimasokoneza, choncho ndinatembenuza kalendala yakale n'kuimata kuseri kwa chitseko. Cha m'ma 1450, Gutenberg ndi makina osindikizira ku Mainz, ku Germany. 1476, Caxton wayamba kusindikiza ku Westminster, ku England. 1516, Utopia ya Thomas More, yolembedwa m'Chilatini. 1517, Martin Luther wayamba kutsutsa zochita za mpingo wa Katolika. 1616, Shakespeare wamwalira. 1623, anzake awiri asonkhanitsa masewero 36 m'buku limodzi, ndipo popanda iwo Macbeth, amene ambiri tinamudziwira ku sekondale, mwina sakanatipeza. Ndinkaiona ndikamavala, ndikamatuluka, mpaka inalowa yokha.

Tsiku lina mesho wa zaulimi, yemwe kwawo ndi ku Dedza, anaima pachitsekopo n'kufunsa, "Nanga kuno kunalibe anthu?" Ndinachita manyazi. Ndinakafufuza, n'kuwonjezera mzere wina kumanja. M'zaka zomwezo ufumu wa Maravi unali pa mphamvu, a Kalonga ali ku Mankhamba pafupi ndi Mtakataka, kwawo kwa mwini funsoyo. Mu 1616 momwemo, Mpwitikizi wina dzina lake Gaspar Bocarro anayenda kuchoka ku Tete kukafika ku Kilwa, kugombe la Tanzania ya lero, kudutsa m'dziko la Amaravi. Ndipo Luís de Camões, mlakatuli wamkulu wa Apwitikizi amene ndakatulo yake Os Lusíadas inatuluka mu 1572, anakhalapo pa chilumba cha Mozambique ali wosauka, akusowa ndalama yobwererera kwawo. Ndakatuloyo imatamanda ulendo wa Vasco da Gama, amene anafika pa chilumba chomwecho mu 1498, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja kumeneko imawajambula mmene mlendo wokhala m'ngalawa ankawaonera. Kuyambira pamenepo ndinayamba kuwerenga Othello ndi The Tempest, masewero a Shakespeare, ndi maso ena. Ngati aphunzitsi akulolani kusankha mutu wa nkhani yaitali, yambirani pamenepa. Simudzasowa chonena, ndipo simudzafunika kukopera za munthu.

Kalendala ija muimate ndi selotepi, osakhoma msomali. Ife tinakhoma umodzi wokha wopachikira neti, ndipo potuluka amayi aja anauwerengera pa dipoziti.